USIKU UMENE APONGOZI ANANDILANKHULA MASO NDI MASO

Kwathu ku Dedza mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana pamaso. Akakumana pa njira mmodzi amapatuka, ndipo akafuna kuuzana mau, mauwo amadzera mwa mwana wamkazi. Ine ndi apongozi anga tinasunga mwambo umenewu zaka 14 osauphwanya. Unaphwanyika usiku umodzi wokha, kutali ndi kwathu, m'kanyumba ka matabwa m'mapiri a ku Scotland. Ukadapanda kuphwanyika, mwina sindikadakhalapo lero kuti ndikulembereni nkhani iyi.

Chinali chaka cha 2010. Tinali kukhala mu mzinda wa Glasgow, kumene mkazi wanga anali kugwira ntchito ya unamwino. Mwezi wa November apongozi anabwera kudzaona adzukulu ao awiri, mnyamata wa zaka 9 ndi mtsikana wa zaka 4. Ine, pofuna kuwaonetsa kuti mwana wao anakwatiwa ndi mwamuna wodziwa zinthu, ndinabwereka kanyumba ka matabwa pakati pa midzi ya Ballater ndi Braemar, m'chigwa cha mtsinje wa Dee, kuti tikadyere Khrisimasi kumeneko masiku anai. Ndinalipiriratu ndalama zonse, ndipo sindinafunse munthu ali yense.

Awerengi ayenera kudziwa kuti December wa chaka chimenecho anali wozizira koposa ma December onse amene dziko la Britain linaona m'zaka 100. Pa 6 December chipale chofewa chinatseka mseu waukulu wa M8 wolumikiza Glasgow ndi Edinburgh, anthu ambiri nagona m'magalimoto ao usiku wonse, kotero kuti nduna yoona za mtengatenga ku Scotland, a Stewart Stevenson, inatula pansi udindo sabata lomwelo. Ndiponso mudzi wa Braemar ndi wotchuka chifukwa cha kuzizira, pakuti m'chaka cha 1895 ndi cha 1982 kunazizira mpaka madigiri 27.2 kunsi kwa ziro. Zonsezi ndinazidziwa bwino, koma ndinaziyesa nkhani zokometsera ulendo, osati chenjezo.

Mkangano woyamba unabuka pa 23 December m'mawa, tikulonga katundu. Apongozi anatulutsa mabulangete asanu, thumba la ufa, mfutso wa nkhwani, nsinjiro, mthiko, mphika, makandulo ndi machesi. Ndinaitanira mkazi wanga pambali.

"Mayi, auzeni amayiwa kuti kumene tikupita si kumudzi. M'nyumbamo muli magetsi, zofunda ndi ziwiya zonse."

Mkazi wanga anapita, nabwerako ndi yankho. "Akuti katundu wa paulendo salemera pofika, amalemera ponyamuka pokha."

Ndinalonga zonsezo ndikung'ung'udza. M'kung'ung'udza komweko ndinasiya pakhonde bokosi limene munali nkhuku ziwiri, mpunga, mkaka ndi buledi, ndilo chakudya chathu chonse cha Khrisimasi.

Tinanyamuka 11 koloko, mochedwa ndithu, chifukwa mkazi wanga anagwira ntchito usiku. Njira yachidule yopita ku Braemar imadzera ku Perth ndi ku Blairgowrie, nikwera mapiri ndi mseu wa A93. Mseu umenewu umadutsa pa mpata wa Cairnwell, mamita 670 pamwamba pa nyanja, ndipo palibe mseu wina waukulu m'Britain wokwera kuposa pamenepo. Ndinauza ana monyada kuti boma la Dedza lili pamwamba kuposa pamenepo kawiri, tsono palibe choopa. Sindinawauze kuti Scotland ali kutali kumpoto kwa dziko lapansi, kumene mwezi wa December dzuwa limayenda chamunsi, nililowa isanakwane 4 koloko madzulo.

Tili pafupi ndi Blairgowrie, mkazi wanga anamva pa wailesi kuti miseu ina ya m'mapiri yatsekedwa. Apongozi, amene Chingerezi sachimva, anaona nkhope ya mwana wao, namnong'oneza.

"Abambo, amayi akuti tiime pothirira mafuta, tifunse eni dziko."

Ine ndinaloza kamakina kolondolera njira kamene ndinagula mwezi womwewo, ndi kunena kuti kameneka kamadziwa miseu yonse. Tinapitirira. Chipale m'mbali mwa mseu chinayamba kufika m'maondo, kenaka m'chuuno, ndipo magalimoto ochokera kutsogolo analeka kuoneka. Pa malo otchedwa Spittal of Glenshee tinapeza chipata chachitsulo chitatsekedwa chopingasa mseu. Zipata zotere anaziika dala kuti anthu onga ine asakafere pamwamba pa phiri. Kunatsala mailosi ngati 15 okha kuti tifike ku Braemar, koma panalibe podzera.

Tinatembenuka. Njira ina inali yozungulira mapiri onsewo: kutsikira kum'mawa, kukwera ndi mseu wa A90 mpaka ku Aberdeen, ndi kubwereranso kumadzulo motsata mtsinje wa Dee mailosi oposa 40. M'galimoto munali zii. Akulu anati safunsa anadya phula, koma palibe amene anandinenera mwambiwo, ndipo kukhala chete kwaoko kunandipweteka koposa mau.

Tinadutsa pa Ballater cha m'ma 8 koloko usiku, masitolo onse atatseka. Titapatuka pa mseu waukulu kulowa kanjira kopita ku kanyumba kaja, galimoto inayamba kuvina. Kanjirako sanathiremo mchere monga amachitira m'miseu yaikulu, ndipo kunsi kwa chipale kunali madzi oundana, oterera ngati therere. Matayala anga anali a nthawi yotentha, amene amauma kukazizira, naleka kugwira pansi. Ndinaponda mafuta mwamphamvu, kumene kunali kulakwa kwina, galimoto nipotoloka, nikatsamira m'ngalande. Palibe anavulala. Tinasenza katundu, apongozi nabereka mdzukulu wao wamkazi ndi chitenje, tinayenda pansi mtunda wotsalawo chipale chikulowa m'nsapato.

Mfungulo inali m'kabokosi kachitsulo pakhoma, koma kabokosiko kanali kataundana. Ndinalimbana nako mpaka zala zinafa dzanzi. Apongozi anayatsa kandulo, napatsa mwana wao kuti akawambe, ndipo posachedwa kanatseguka. Titalowa tinapeza kuti magetsi kulibe, chifukwa chipale chinadula nthambo kwina kwake. Pa mpopi sipanatuluke ngakhale dontho, pakuti madzi anaundana m'mipope. Foni inalibe netiweki. Ndipo pamene mnyamata wanga anafunsa za buledi, ndi pamene ndinakumbukira bokosi lija.

M'chipinda chochezera munali chitofu cha nkhuni, koma nkhuni zake zinali panja, zonyowa ndi zokutidwa ndi chipale. Ndinamaliza theka la machesi, koma zinangofuka utsi. Mtsikana wathu, amene poyamba anali kulira, anangokhala duu, milomo ikunjenjemera, ndipo amake anati izi ndizo zoopsa kuposa kulira. Mantha anandigwira, manyazi naonjezerapo. Ndinatuluka kukafunafuna chili chonse choyaka, ndipo kuseri kwa nyumba ndinapeza chiwaya chootchera nyama panja, pamodzi ndi thumba la makala ouma. Mtima unakhala pansi. Ndinayatsa makalawo pakhonde, ndipo atayaka psuu, ndinanyamula chiwayacho kulowa nacho m'nyumba, ndi kuuza mnyamata kuti atseke chitseko ndi kutsekera nsanza m'mipata yonse.

Apongozi ananong'oneza mwana wao, iye nati, "Abambo, amayi akuti makalawo atuluke."

Ndinayankha mokalipa kuti tsiku lonse ndakhala ndikumva za "akuti, akuti", ndipo mwana akuzizidwa. Mkazi wanga ananenanso za iye mwini kuti mpweya wa makala umapha, koma sindinamvere. Ndinati tingotenthetsa chipinda ora limodzi.

Pamenepo apongozi anaimirira. Anabwera kudzaima patsogolo panga, nandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sanachitepo chikwatire ine mwana wao.

"Bambo, ndakulemekezani kuyambira tsiku limene munalowa pakhomo panga, ndipo ndidzakulemekezanibe mawa. Koma makala awa sagona m'nyumba muno. Mlongo wanga ndinamuika m'manda ndi manja angawa, iye ndi mkazi wake, mwezi wa June wina, chifukwa cha mbaula imene anagona nayo atatseka zenera. Sanalire, sanaitane munthu. Tinangowapeza m'mawa ngati ali m'tulo. Tulutsani, Bambo."

Sanakweze mau. Ndinanyamula chiwaya chija ndi kutuluka nacho, iwo natsegula chitseko ndi mazenera kanthawi kuti mpweya usinthe, ngakhale kunja kunali kuzizira kolasa m'mafupa.

Pambuyo pake mkazi wanga anandifotokozera bwino zimene ndinafuna kuchita. Makala akamayaka pamalo posalowa mphepo amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo, mtundu kapena utsi wooneka. Mpweyawu umakakamira m'magazi mwamphamvu koposa mpweya wabwino nthawi zoposa 200, motero thupi limafa ndi njala ya mpweya munthu akupumabe. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenaka tulo, ndipo ana ndiwo amayamba kugonja. Ife, otopa monga tinalili, tikadagona ora lisanathe, ndipo panalibe wodzatulutsa makalawo.

Tsono onani chimene apongozi anachita ndi makala omwewo. Anandiuza, tsopano popanda mkhalapakati, kuti ndiyale nkhuni zonyowa zija mozungulira chiwaya panja kuti ziume, ndi kuwaza zina zikhale tizidutswa tating'ono, pakuti mkati mwa chikuni mumakhala mouma. Anatenga makala oyaka owerengeka pa fosholo, nawaika mkati mwa chitofu, chimene chili ndi chumuni chotulutsira utsi kunja, nasanjika tizidutswa tija pamwamba. Anagwada ndi kuuzira monga amachitira pa mafuwa kumudzi. Posakhalitsa moto unalilima.

Madzi tinawapeza posungunula chipale. Ana anadabwa kuona kuti mphika wodzaza ndi chipale ukutulutsa madzi ongophimba pansi pokha, chifukwa mbali yaikulu ya chipale chongogwa kumene imakhala mpweya. Mnyamata ndi ine tinatuluka kasanu ndi kawiri tisanapeze madzi okwanira. Cha m'ma 11 koloko usiku, pa kuwala kwa makandulo, tinadya nsima ya mfutso wotendera, yophikidwa ndi mthiko umene ndinafuna kuusiya ku Glasgow. Tinakokera matiresi onse pafupi ndi chitofu, tinaika ana pakati, ndi kufunda mabulangete asanu aja pamwamba pa zofunda za m'nyumbamo. Ine sindinagone. Ndinakhala ndikusonkha moto, ndi kumvetsera kupuma kwa anthu anai, mmodzi mmodzi, mpaka kunacha.

M'mawa mlimi wina wa pafupi anaona galimoto m'ngalande, nabwera ndi thirakitala kudzaikoka. Anakana ndalama. Madzulo anatumiza mwana wake ndi mkaka, mazira, mbatata ndi ndowa ziwiri za madzi, ndipo apongozi anamtumizira nsinjiro m'kambale, pakuti anati mbale ya mnansi sibwerera yopanda kanthu. Magetsi anabwera tsiku lomwelo, koma madzi a m'mipope sanabwere mpaka tinachoka. Khrisimasi tinadya nsima ya mazira. Apongozi anatuluka panja, natapa chipale m'manja, nachiyang'anitsitsa, nati chikufanana ndi ufa woyera wosinja bwino, kungoti dziko lino ufa wake sudyeka. Ana anaseka mpaka kugwa pansi.

Pobwerera tinaima pa Ballater, ndipo ndinatsika ndekha kukafunsa za mseu ndisanasankhe njira. Nkhuku zathu tinazipeza pakhonde pomwe paja, zitauma gwa ngati miyala.

Tsiku limene tinafika ku Glasgow apongozi anabwerera ku mwambo wao. Pa chakudya chamadzulo anauza mwana wao kuti andifunse ngati ndiwo zakwanira mchere, ine ndili pomwepo. Za usiku uja sanazitchulenso, kwa ine kapena kwa anthu a kumudzi, kufikira anatisiya m'chaka cha 2017. Ndine ndikuziulula lero.

Abale anga, makamaka inu abambo anzanga amene mumatsogolera mabanja paulendo, kaya wa ku mapiri a chipale kaya wopita kumudzi nyengo ya dzinja: funsani eni dera musanalowe njira, nyamukani kukadali m'mawa, ndipo chipata chikatsekedwa musachite manyazi kubwerera. Mbaula kapena chiwaya cha makala chisagone m'nyumba yotseka, kaya ndi ku Scotland, kaya ndi ku Dedza mwezi wa June. Ndipo munthu amene sakonda kukutsutsani akaimirira ndi kukuuzani kuti lekani, lekani msanga, chifukwa mau otero satuluka chabe.

Mtsikana uja tsopano ndi wamkulu, ndipo za usiku umenewo amangokumbukira nsima ya pa kandulo. Mthiko wa agogo ake anautenga ndi iye.