Kukwera Phiri la Zomba pa Njira ya Mbatata

Kwathu ku Mbedza phiri la Zomba timaliona tsiku ndi tsiku, ndipo chimene munthu amachiona masiku onse saganiza zokachiyendera. Alendo opita kukaona njovu ndi mvuu ku Liwonde, kumalo osungirako nyama amene boma lidakhazikitsa mu 1973, amayamba apatukira kuphiri kuno. Koma nditafunsa ana anga a Sitandade 7, ndidapeza kuti ambiri a iwo sadapondeko pamwamba pake.

Choncho Loweruka lina m'mwezi wa Julaye, kukali chisanu, tidanyamuka ine, mphunzitsi mnzanga ndi ana 12. Titatsika minibasi m'tauni, tidadutsa nyumba zakale za boma, zotsala za masiku aja Zomba idali likulu la dziko lino kufikira 1975, ndi kulowa Njira ya Mbatata. Dzinali lidadza chifukwa alimi a pamwamba ankatsikira m'menemo ndi mbatata ya kachewere popita kumsika. Njirayi njachidule, koma chikweza chake sichimvera munthu chisoni. Ana adalumphalumpha ngati timbuzi, pamene ine mawondo adandikumbutsa kuti zaka 50 ndidazidutsa kale.

Ndili mnyamata ndidakwerapo njira yomweyi, ndipo tinkayenda mumthunzi wa mitengo ya paini, dzuwa osaliona. Tsopano m'malo ambiri mwangotsala zitsa ndi udzu woyembekeza moto wolusa. Ndidaimitsa ana ndi kuwafotokozera, mwaukali pang'ono monga timachitira aphunzitsi, kuti nkhalango imeneyi njotetezedwa kuyambira 1913, ndi kuti odula mitengo popanda chilolezo akulakwira dziko.

Ndisadatseke pakamwa, patsogolo pathu padatulukira amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa msinkhu wawo, ena opanda nsapato. Tidawapatukira. Mmodzi adandizindikira, pakuti ndi mayi wa Mvano amene tidakumanapo kumisonkhano ya mpingo. "Mwadzuka bwanji, akulu a mpingo? Pepani, sindingathe kugwada ndi katunduyu," adatero thukuta lili kamukamu, napitirira. Atapita, kamnyamata kena kadandiyang'ana nkufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi amayi aja ndi akuba?" Ndidangoti tiyeni tifulumire, dzuwa likukwera. Ndidakumbukira kuti tiyi amene ndidamwa m'mawa umenewo adawira pamakala, ndipo sindidafunse wogulitsa kumene adawotchera.

Pa Ku Chawe tidapuma, ndi kugula mabulosi kwa anyamata oima m'mbali mwa msewu. Kuchoka apo njira njofatsa. Tidaima padamu la Mulunguzi, madzi ali phee pakati pa zitunda. Ana adadabwa kumva kuti madzi otuluka m'mipope ya m'tauni, ngakhale kuchipatala chachikulu ndi ku Yunivesite, amachokera pamenepa. Potsata mtsinje tidafika pa mathithi a Williams, pamene mitengo yachilengedwe ikadalipo ndipo madzi ngozizira mopweteka mano. Kamba wathu wa mbatata yootcha ndi mtedza tidadyera pomwepo.

Masana tidafika pa Emperor's View, pamene Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia idaima mu 1965, pafupi ndi Queen's View, malo okumbukira ulendo wa mayi wa Mfumukazi Elizabeth mu 1957. Apa ngakhale ana olongolola adakhala duu. Tauni yonse idali pansi pa mapazi athu, uko nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, ndipo patali phiri la Mulanje lidaoneka ngati mtambo. Ndidawaloza zigwa zotsikira m'tauni, ndi kuwasimbira za Napolo amene adatsika m'Disembala 1946, nakokolola milatho, nyumba ndi anthu. Sindidavutike kufotokoza, pakuti onsewo akukumbukira bwino namondwe wa Freddy wa m'Malichi 2023.

Dzenje la Chingwe, limene lili kutali chakumadzulo, ndi nsonga ya Malumbe yopitirira mamita 2,000, tidazisiyira tsiku lina. Tidatsika dzuwa litapendeka, miyendo ikunjenjemera kuposa pokwera paja. Lolemba m'mawa, ndikulemba tsiku pabolodi, kamnyamata kaja kadakweza dzanja: "Aphunzitsi, funso lija simudayankhe."