Mpira Wodumpha Pangodya ya Kope

Teremu yathayi tidalanda kope la mnyamata wina wa Fomu 2 yemwe ankangoseweretsa ngodya za masamba ife tikuphunzitsa. Titawavundukula mothamanga ndi chala chachikulu, tidaona mpira ukunjanja. Mkwiyo udazilala. Koma mpirawo, womwe udayamba ngati lalanje, pofika tsamba la 30 udatsala ngati mtedza.

Mnyamatayu ankajambula chithunzi choyamba, chachiwiri, chachitatu, osadziwa komwe akathere. Akatswiri a makatuni njirayi amaitcha straight ahead. Inayo, pose to pose, munthu amayamba ndi zithunzi zikuluzikulu: mpira uli m'mwamba, mpira utaphwatalala pansi, mpira utabwereranso m'mwamba, kenaka n'kudzaza zapakati. Frank Thomas ndi Ollie Johnston, ojambula a ku Disney, adaika njira ziwirizi pa mfundo 12 za m'buku lawo la 1981, The Illusion of Life.

Mtima wathu udathamangira njira yachiwiriyi. Ku koleji adatikhomerera kuti mphunzitsi salowa m'kalasi wopanda pulani ya phunziro. Ndipo filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi; ngakhale chilichonse chizionekera kawiri, sekondi imodzi imadya zojambula 12. Wosokera pakati wataya mapepala ambiri, ndipo makolo mukudziwa mtengo wa kope masiku ano.

Tidaitana ophunzira angapo tsiku lina titaweruka kuti ayese njira zonse. Popeza maulama amasiyana maganizo pa nkhani yojambula zamoyo, tidagwirizana kuti tikhale pa mpira ndi lawi la kandulo.

Pa mpira, okonzekera adapambana. Kukula kwake sikudasinthe, ngakhale mpira wa mtsikana wina unkayenda mouma ngati waumangirira ku waya, chifukwa zapakati adazitalikitsa mofanana zonse, pomwe mpira weniweni umachedwa m'mwamba n'kuthamanga poyandikira pansi.

Lawi ndilo lidatichititsa manyazi. Lokonzekera lija linkangogwedera ngati tsamba la chimanga. La mnyamata wathu uja linkayaka ndithu. Moto ulibe maonekedwe amodzi oti ubwerereko, choncho kusokera kwa dzanja, komwe kudaononga mpira, apa kudasanduka moyo wa lawilo.

Kope tidamubwezera. Tidamuuza kuti pa mpira aziyamba ndi zithunzi zitatu zija, pa moto azilekerera dzanja, ndipo zonsezi azichita belu likalira, osati mkati mwa phunziro la fiqh.