Banki inafika m'thumba, koma ngongole idakali kutali

Ali mwana, wolemba nkhaniyi ankaperekeza bambo ake kumsika wa ADMARC, matumba a mtedza ali pangolo. Ndalama zikabwera, mayi ake ankazimanga pakansalu n'kuzisomeka kudenga. Banki inali ya aphunzitsi ndi eni maesiteti, ndipo ulendo wa kuboma unkatha tsiku lathunthu.

Ngongole ya feteleza ndi mbewu inkadzera m'kalabu ya alimi, pansi pa bungwe la SACA. Mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse inkamanidwa chaka chotsatira, choncho anthu ankalondana okhaokha. Chilala cha 1992 chitapsereza chimanga, ndale za matipate n'kulowapo, ambiri anasiya kubweza ndipo SACA inagwa. Mu 1994 panabwera bungwe lina la ngongole la MRFC, koma kumudzi kwawo amene ankapezeka msanga anali wakatapila: thumba limodzi mu Januwale, awiri pokolola.

Mlongo wake, amene anatsalira kumudzi, moyo wa ndalama anauona ukutembenuka. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013. Lero akagulitsa soya, ndalama zimalowa pafoni, n'kukatapa kwa ejenti wokhala pansi pa ambulera. Lachinayi lililonse amakaponya masheya kubanki m'khonde, kumene bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi amayi atatu osiyana. Koloboyi anamutaya: sola ya padenga akulipira pang'onopang'ono pafoni pomwepo.

Ndalama zoteteza chilengedwe nazonso zayamba kununkhira kumudzi. Ku Balaka, bungwe la WFP linayambitsa inshuwalansi ya mbewu imene mlimi wosauka amalipira ndi thukuta: kukumba maswale, kudzala mitengo, kupanga manyowa. Mvula ikaperewera, amalandira chipepeso. Nzeru imeneyi wolembayu amaiyamikira, chifukwa ikuvomereza kuti chuma cha mlimi chili m'manja mwake.

Chimene chimamuwawa n'chakuti mlongo wake akufuna pampu ya sola yothirira kudimba, ndipo bokosi la m'khonde silingakwanitse. Anapita kubanki ina, chiphaso cha unzika chili m'manja. Anamufunsa chikole. Munda ndi wa makolo, ulibe pepala. Anamuuzanso kuti azibweza mwezi ndi mwezi, chiwongoladzanja chili pamwamba, pamene mlimi amagwira ndalama zooneka pokolola basi.

Anabwerera pakabaza. M'mawa mwake analawirira kudimba, makheni awiri m'manja, foni ili pakansalu m'chiuno.