Kapepala ka m'kope si umwini wa malo

Anzanga, sabata ino ndilibe ndakatulo. Ndabwera ndi nkhani ya ndalama zanga zomwe zinatsala pang'ono kupita ndi mphepo ya kuno ku Dedza.

Ine ndimagulitsa mbatatesi. Ndimakapikula kwa alimi a ku Bembeke, n'kumagulitsa pa boma, masiku ena ku Chimbiya. Zaka zinayi ndinkaponya ku banki m'khonde kuti ndidzagule puloti, ana anga asiye kukulira m'nyumba za lendi. Tsiku lina bambo wina anandionetsa malo abwino kufupi ndi msewu wa M1. Tinagwirizana K1,200,000, ndinapereka theka. Tinalemberana pa tsamba long'amba m'kope la mwana wasukulu, mboni ziwiri n'kusayina. Ndinabwerera kunyumba ndikuyimba.

Patatha masabata atatu, nditatuma anyamata kuti akayambe kuumba njerwa, panatulukira agogo ena ndi ndodo yawo. "Mayi, mukutani pamunda pa mbumba yanga?" Apo m'pamene ndinadziwa kuti wondigulitsa uja ndi mkamwini chabe. Malowo ndi a kuchikazi, ndipo agogowo ndi malume a mkazi wake, eni mbumba. Ine mwana wa Achewa, wodziwa bwino chikamwini, ndinaiwala kufunsa funso loyamba: malowa ndi a yani? Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Nkhani inapita kwa a mfumu. Ndalama zinabwera pang'onopang'ono, zina mpaka lero sizinabwere. Kachiwiri ndinachita manyazi n'kukwera minibasi kupita ku Lilongwe kukaonana ndi loya. Ndinkaganiza kuti maloya ndi a anthu a mataye okha. Zomwe ndinaphunzira ndi izi, mwina zikupulumutsani.

Choyamba, dziwani mtundu wa malo. Pali malo a boma, malo a lizi okhala ndi mapepala, ndi malo a makolo omwe timawatchula kuti a mfumu. Malo a makolowa mfumu imangoyang'anira m'malo mwa anthu ake, si ake oti angagulitse ngati mbuzi. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi: wapampando ndi a gulupu, mamembala ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Chidindo cha a mfumu pachokha chisakugonetseni tulo. Funsani banja lonse, makamaka a kuchikazi.

Chachiwiri, ngati malo ali ndi mapepala, musakhutire ndi fotokope. Loya amakafufuza m'kaundula wa ku Unduna wa Zamalo kuti aone dzina lenileni la mwini, zaka zomwe zatsala pa lizi, komanso ngati malowo sanaikidwe chikole ku banki. Mutha kugula nyumba pamodzi ndi ngongole yake osadziwa.

Chachitatu, ngati mwini anamwalira, mwana mmodzi sangangodzuka n'kugulitsa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana onse. Wogulitsa akuonetseni kalata ya khoti yomupatsa mphamvu zoyendetsa chumacho.

Chachinayi, pitani pamalopo ndi wogulitsa komanso oyandikana nawo. Muone mabikoni ndi maso anu. Malire oti "kuchokera pa mtengo wa mapichesi uwo" amatha tsiku lomwe mtengowo wadulidwa.

Chachisanu, musapereke ndalama zonse kamodzi. Mgwirizano ulembedwe bwino: mtengo, masiku olipira, ndi chomwe chidzachitike wina akaphwanya pangano. Sungani malisiti. Konzekeraninso zina: msonkho wa stamp duty, chikalata cha ku MRA chotsimikiza kuti za msonkho zili bwino, ndalama zosinthira dzina, ndi malipiro a loya. Mufunseni mtengo wake musanayambe, akulembereni. Ndipo si aliyense wonyamula chikwama amene ali loya. A Malawi Law Society amatulutsa mayina a maloya omwe ali ndi chilolezo chogwira ntchito.

Mwina mukuti, "Mayi, zonsezi n'zodula." Zoona, ndinamva kuwawa polipira. Koma pamsika sindigula thumba la mbatatesi osalimasula, chifukwa pamwamba amaika zikuluzikulu, pansi timiyalamiyala. Nanga bwanji ndinagula malo osamasula thumba?

Lero ndili ndi kapuloti kena, kakang'ono kuposa koyamba kaja, ndipo maziko akumbidwa. Kapepala ka m'kope kaja sindinataye. Ndinakasunga m'chikwama chomwe ndimaikamo ndalama za tsiku, kuti wina akabwera ndi mawu oti "fulumirani, pali wina akufunanso malowa", ndizikayang'ana kaye ndisanatsegule zipi.

Inu amene munagulapo malo, munafunsa mafunso ati musanapereke ndalama?