Mkanjo Woyera pa Msewu wa ku Zomba

Tsiku lina m'nyengo yozizira, titaswali Maghrib, ndinapalasa njinga kuchoka pa Njuli kulowera ku Mbulumbuzi, jekete lakuda litaphimba mkanjo wanga woyera. Njingayo inalibe nyali. Minibasi yochokera ku Limbe inandiwomba chigongono ndi galasi lake, ndipo ndinakagwera m'ngalande.

Mumtima ndinayamba kudzudzula dalaivala, koma manyazi anandigwira. Akanandiona bwanji? Ana ku madrasa ndimawaphunzitsa kuti moyo ndi amana, chinthu chimene Allah anatisungitsa, chonsecho wangawu ndinkaubisa mumdima.

Tsopano ndimayenda m'mphepete kumanzere, tochi patsogolo, chonyezimira chofiira kumbuyo, mkanjo uli poyera. Bismillah ndimanenabe ponyamuka, koma ndimayamba ndayesa mabuleki. Kudalira Allah si kuyenda wopanda nyali.