Chimanga chili mbwee, nanga eni ake ali kuti?

Nkhokwe ya dziko la America ili pakati penipeni pa dzikolo, m'zigwa zimene eni ake amazitcha prairie. Ambirife tikamva za America timaganiza za nyumba zosanja za ku New York, koma chakudya chawo chimachokera kumalo athyathyathya amenewa, kumene mungayende tsiku lathunthu osaona phiri. Ndidayendako masiku anayi m'mwezi wa September, chimanga chitayamba kuuma, pamodzi ndi mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ya unamwino mumzinda wa Omaha, m'chigawo cha Nebraska. Iye ndiye adali pachiwongolero. Yanga idali ntchito yoyang'ana ndi kufunsa.

Munthu wokulira pakhasu ngati ine, tsiku loyamba maso adali pachimanga basi. Kungotuluka mu Omaha kulowera kuzambwe pamsewu waukulu wa Interstate 80, minda imayamba ndipo sikutha. Mizere yake ndi yowongoka ngati adachita kuyeza ndi chingwe, mapesi ali othithikana moti mbuzi ingavutike kulowamo. Kumeneko mlimi wothirira akakolola matumba 100 a makilogalamu 50 pa ekala imodzi, anzake sadabwa n'komwe. Kwathu munthu akapata matumba 20 pa ekala, mudzi wonse umadziwa kuti chaka chino zamuyendera.

"Amalume, musachite nacho nsanje," adatero mnyamatayo ataona ndikupukusa mutu. "Chimenechi si cha nsima. N'cha ng'ombe ndi galimoto."

Sadaname. Chimangacho n'chachikasu, ndipo chambiri chimathera kudyetsa ziweto ndi kupanga mafuta a ethanol amene amasakaniza ndi petulo.

Pofika masana ndidayamba kumva kuti pali chimene chikusoweka. M'minda monsemo mudalibe munthu. Simukadaona mwana woingitsa mbalame, mayi wosenza nkhuni, wa kabaza, kapena wogulitsa tomato pamphepete pa msewu. Tidayenda makilomita oposa 200 osakumana ndi munthu woyenda pansi ngakhale mmodzi. Chakudya chochuluka chonchi, olima ake ali kuti?

Yankho lidayamba kuoneka titapatukira kummwera, kufupi ndi tauni ya Beatrice, kumene boma lidasunga malo okumbukira lamulo lotchedwa Homestead Act. Lamuloli adalisainira ndi Pulezidenti Abraham Lincoln mu 1862. Lidati aliyense wofuna angatenge maekala 160 aulere, bola amangepo nyumba, alimepo ndi kukhalapo zaka zisanu. Mmodzi mwa oyamba kulembetsa adali Daniel Freeman, pa 1 January 1863, ndipo malo okumbukirawo ali pamunda wake. Anthu adakhamukira kuzigwazi kuchokera kummawa kwa America, ku Germany, Sweden, Bohemia ndi kwina. Poti mitengo kudalibe, ambiri adamanga nyumba zawo zoyamba ndi zibuma zodula m'nthaka, udzu ndi mizu yake zili pompo.

Mawu oti "aulere" adandikhala pakhosi. Dzikolo lidali ndi eni ake. A mtundu wa Pawnee, amene ankalima chimanga m'mbali mwa mitsinje ya Loup ndi Platte kalekale azungu asadafike, adasamutsidwira ku Oklahoma m'zaka za m'ma 1870. Njati zakumeneko, zimene zidali mamiliyoni ambirimbiri, zidaphedwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Ife a ku Thyolo ndi Mulanje, amene agogo athu adaona minda ya tiyi ikubwera, nkhani yotere sitichita kufotokozeredwa kawiri.

Komabe nthawi imeneyo zigwazi zidadzaza anthu. Malo adawadula m'mabwalo a mailosi imodzi mbali iliyonse, bwalo lililonse maekala 640, ndipo pabwalo limodzi pankatha kukhala mabanja anayi. Mpaka lero timisewu tafumbi timapingasana pa mailosi iliyonse. Mu 1935 dziko la America lidali ndi mafamu pafupifupi 6.8 miliyoni. Lero alipo pafupifupi 2 miliyoni. Thirakitala idalowa m'malo mwa akavalo, makina okololera adalowa m'malo mwa manja, ndipo amene adatha kugula makinawo adagulanso munda wa mnzake. Mukamayenda mumaona kagulu ka mitengo kali kokha pakati pa chimanga. Mukayandikira mumapeza nyumba yamatabwa yopanda magalasi, denga litagwa, kapena maziko okha. Mitengoyo adabzala ndi banja lina pofuna kutchinga mphepo. Banjalo lidapita, mitengo idatsala.

Tsiku lachiwiri tidachoka ku Grand Island pamsewu wa Highway 2 n'kulowa m'dera lotchedwa Sandhills. Kumeneko chimanga chimatha. Ndi timapiri ta mchenga tokutidwa ndi udzu, tomwe timatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a Nebraska yense, ndipo n'kwa ng'ombe zokhazokha. Msewu umatsagana ndi njanji, ndipo sitima zonyamula malasha kuchokera ku Wyoming zimadutsa ndi mabogi oposa 100. Tidadutsa m'boma la Blaine, limene kukula kwake n'kofanana ndi boma la Thyolo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 700,000 ku Thyolo. Ku Blaine safika 500. Nebraska yense ndi wamkulu kuposa Malawi, koma anthu ake ndi pafupifupi 2 miliyoni basi, ndipo ambiri mwa iwo adaunjikana ku Omaha ndi ku Lincoln.

Kusowa kwa anthu kuli ndi khalidwe lake. Galimoto zikamapambana, dalaivala aliyense amatukula chala chimodzi pachiwongolero, ndiye moni ameneyo, kaya mukudziwana kaya ayi. Tidaima pambali pa msewu kuti ndiwongole miyendo, ndipo galimoto yoyamba kudutsa idaimanso, mwini wake n'kufunsa ngati tawonongekeredwa. Petulo mumathira paliponse pamene mwamupeza, osadikira kuti thanki itsike, chifukwa malo ena omwetsera angakhale pamtunda wa ola lathunthu. Usiku mdima wake ndi uja wakumudzi kwathu magetsi asadafike, nyenyezi zili ngwee, koma popanda phokoso la ng'oma, la galu kapena la mwana.

M'katauni kena, m'nyumba yodyeramo imene idalinso sitolo, tidakhala tebulo limodzi ndi bambo wina wachikulire woweta ng'ombe. Adatifunsa kwathu, ndipo titati Malawi adapempha kuti timuonetse pamapu a mufoni. Kenako adamasuka. Adati ali mwana, sukulu ya m'tauniyo inkadzaza, koma idatsekedwa n'kuphatikizidwa ndi za matauni ena, moti ana ochepa otsalawo amakwera basi nthawi yaitali m'mawa uliwonse. Mpira wawo uja wa manja, umene umafuna anthu 11 mbali iliyonse, sukulu zing'onozing'ono zimasewera ndi anthu 6 poti anyamata sakwana. Mbusa mmodzi amazungulira matchalitchi angapo. Chipatala chochilitsira amayi chili kutali. Ana ake atatu onse ali m'tauni, awiri ku Denver, mmodzi ku Omaha, ndipo palibe amene akufuna kubwerera. Ndidamufunsa kuti famuyo idzakhala ya yani. Adangotambasula manja n'kunena kuti woyandikana naye adzaichita lendi, monga momwe iyenso adachitira ndi ya anthu ena awiri.

Sadalankhule modandaula ayi. Adali ngati munthu amene akukuuzani za nyengo. Pambuyo pake adalimbikira kutilipirira khofi, ndipo kukana kwathu sikudaphule kanthu.

Kumpoto kwa Nebraska kuli mudzi wotchedwa Monowi, umene kalembera wa 2010 adapezamo munthu mmodzi yekha, mayi Elsie Eiler. Adatchuka chifukwa chokhala meya wa mudziwo, mwini wa bala yake, komanso wosunga laibulale ya mabuku pafupifupi 5,000 amene amuna awo adasiya atamwalira mu 2004. Manyuzipepala amailemba ngati nkhani yoseketsa. Nditacheza ndi bambo uja, sindidaionenso choncho. Ndidadzifunsa kuti pamudzi wotere maliro akagwa, adzukulu amachokera kuti?

Ku Thedford tidakhotera kummwera pamsewu wa Highway 83, kudutsa North Platte ndi McCook mpaka kulowa m'chigawo cha Kansas. Kumeneko tidapatuka dala kukaona Nicodemus, mudzi umene udakhazikitsidwa mu 1877 ndi anthu akuda, ambiri ochokera ku Kentucky, amene adali atangomasulidwa ku ukapolo. Chaka choyamba adagona m'mauna okumba pansi. M'zaka zochepa adali ndi masitolo, matchalitchi, sukulu ndi manyuzipepala awo. Kenako njanji imene ankaiyembekezera idadutsa kwina, ndipo malonda adatsatira njanjiyo. Lero mwatsala anthu owerengeka ndi nyumba zakale zisanu zimene boma lidayamba kuziteteza mu 1996. Koma chaka chilichonse kumapeto kwa July zidzukulu zawo zimabwera kuchokera m'mizinda yakutali kudzachita chikondwerero ndi kuona manda a makolo. Apa ndidamva ngati ndili kwathu, kumene munthu wa ku Joni amasunga ndalama chaka chonse kuti adzamange chiliza.

Sindikunyoza ulimi wa makina. Amene adaona njala ya 2002 sangaime pakati pa minda imeneyi n'kunena kuti khasu ndi labwino. Tikamamva atsogoleri athu akukamba za minda ikuluikulu ya mega farm, mtima umafunadi zitatheka. Koma ana a m'zigwazi atachoka pamunda adapeza mafakitale, makoleji ndi maofesi zikuwadikira ku Omaha, Wichita ndi Denver. Ngati banja limodzi lingalime malo amene ankadyetsa mabanja 10, mabanja 9 aja amayenera kukhala ndi kopita. Athu angapite kuti, ku Ndirande kapena ku Mtandire?

Pali nkhani inanso imene sioneka ndi maso poti ili pansi pa nthaka. Kuzambwe kwa Kansas mvula ndi yochepa, koma chimanga chimabiriwira m'minda yozungulira ngati lichero. Pakati pa munda pamakhala chitsime, ndipo paipi yaitali yoyenda pamateyala imazungulira pang'onopang'ono ikuwaza madzi pa maekala pafupifupi 130. Makinawa adawatulukira ndi mlimi wina, Frank Zybach, ndipo adawalembetsa mu 1952. Madziwo amachokera m'nkhokwe yaikulu ya pansi yotchedwa Ogallala, imene idayala pansi pa zigawo 8. Ku Sandhills mchenga umamwa mvula ndipo nkhokweyo imabwezeredwa. Kummwera chakuzambwe kwa Kansas amapopa kuposa amene amalowa, moti m'malo ena madzi adatsika ndi mamita oposa 30. Dera limeneli ndi lomwe lidakutidwa ndi fumbi m'zaka za m'ma 1930, pamene chilala chidapeza udzu wachilengedwe utagawulidwa wonse, mphepo n'kunyamula nthaka yapamwamba. Okalamba amatchulabe tsiku la 14 April 1935, pamene kudada bii masanasana.

Alimi ena adaona patali. Kufupi ndi Hoxie, tauni imene tidadutsa popita ku Nicodemus, alimi a m'boma la Sheridan adagwirizana okha kuyambira mu 2013 kuchepetsa madzi opopa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo mgwirizanowo udalowa m'malamulo. Ambiri adapeza kuti phindu silidatsike monga ankaopera, poti adayamba kuthirira mwanzeru ndi kubzalako mapira, amene sapempha madzi ambiri.

Ulendo wathu udathera ku Garden City, ndipo kumeneko ndiko tidapezanso khamu la anthu. Fungo la makola limakulandirani mudakali kutali, chifukwa ng'ombe zikwizikwi zimanenepetsedwa ndi chimanga chija m'mipanda yopanda udzu. Pafupi, ku Holcomb, pali fakitale yaikulu yophera ng'ombe imene idatsegulidwa mu 1980. Ogwira ntchito yolemetsayo ambiri ndi obwera, a ku Mexico, Vietnam, Burma, Somalia ndi maiko ena, ndipo ana awo ndiwo adzaza sukulu za m'tauniyo. M'sitolo ina tidapeza ufa woyera ndi nyemba, ndipo mayi wa Chisomali amene adali patsogolo pathu pamzere adatipatsa moni m'Chiswahili poganiza kuti ndife a ku Tanzania.

Madzulo mnyamata uja adanditengera pamlatho wa kummwera kwa tauniyo kuti ndikaone mtsinje wa Arkansas, umene umachokera kumapiri a ku Colorado ndipo pamapu amaujambula ndi mzere wokhuthala wa buluu. Pansi pa mlathowo padali mchenga wouma, zitsamba, ndi mikwasa ya njinga zamoto za achinyamata amene amakathamangitsana m'menemo.