Tayala Siigulidwa na Maso Chabe

Iwe mnzanga wamene upalasa njinga ya salaula kuchoka ku Kanyama kupita ku nchito, werama uyang'ane mawilo yako. Ma racer yakale yambiri yamabwera na mawilo yosiyana. Pa maso yaoneka monga mapasa, koma si mapasa.

Yanga inali tero: kutsogolo 27, kumbuyo 700C. Pambali pa tayala pamakhala tumanambala. Ya 27 ilembedwa 630, ya 700C ilembedwa 622. Kusiyana ni mamilimita 8 chabe, koma tayala ya 622 siingalowe pa rimu ya 630, olo ulimbane nayo na supuni mpaka kuche. Ya 630 pa rimu ya 622 ilowa mosabvuta, manje ukapopa imatumpha, chubu phuu! Ija ya 28 ya njinga za Eagle ni 635, nayo ni mtundu wina.

Ine ninasankha 622 konse kuwiri, chifukwa chubu imodzi mu chola ikwana paliponse, na matayala yake siyabvuta kupeza. Amdala okonza njinga anatsitsa marabha ya buleki yakutsogolo na mamilimita 4 kuti yagwire rimu. Apa osasewera: rabha ikamakhuza tayala, tsiku lina izaphulika pakati pa maminibasi.

Ukapita ku Kamwala kapena ku Soweto, jambula nambala pa foni. Wogulitsa akakuuza kuti "ni chimodzimodzi, bwana", muonetse. Ndalama yamene usunga posakwera basi isathere pa tayala yolendewera pa msomali.